Dzina la Pakona pa Pulani

"Nsanjika khumi ndi ziwiri mwajambula ndinu, atate a Febby, koma inuyo akukakuikani pansi pa nthaka ngati mfuko! Ndiye mwakhala pamenepo mukuuzira tiyi?"

Regina anali asanavule n'komwe duku lake la kutchalitchi. Anangolowa m'nyumba yawo ya ku Kabwata, naponya buku la nyimbo pampando, nayamba. Mwamuna wake, Gilson Chulu, anaika kapu patebulo mosafulumira.

"Wakuuza ndani za pansi pa nthaka?"

"Imelda, mkazi wa mng'ono wanu! Pakhomo pa tchalitchi, amayi onse a Chigwirizano akumva. Akuti, 'Ba Regina, mwamva? Ezekiel amupatsa ofesi ya pakona, nsanjika ya khumi ndi chimodzi. Kukayera kunja munthu amaona mpaka ku Kabulonga.' Ine n'kufunsa kuti nanga alamu ako akakhala pati? Iye n'kuyamba kuyang'ana nsapato zake."

"Si pansi pa nthaka kwenikweni ayi. Ndi chipinda chozizira bwino. Mapepala sagwirizana ndi dzuwa."

"Nanga inu ndinu pepala?"

Chaka chimenecho cha 1974 mzinda wa Lusaka unali kukula ngati mwana wadyera. Mumsewu wa Cairo munthu ukangopitako mwezi uno n'kubwerako mwezi wamawa, unkapeza nyumba ina yatulukira pamene panali mtengo. Kampani yomanga imene Gilson ankajambulako mapulani inali itatopa ndi fumbi la ku Heavy Industrial Area, ndipo inadzimangira nsanja yakeyake m'tauni. Anthu oyenda, amene anaona Nairobi ndi Dar es Salaam ndi maso awo, ankaima patsidya pa msewu n'kuvomereza kuti iyi yokha sichita manyazi pamaso pa ina iliyonse. Kunali kutatsala milungu inayi kuti kampani isamuke.

"Iwe sudziwa ntchito imeneyi," anatero Gilson, akutambasula dzanja lake lamanja ngati akuligulitsa. "Dzanja ili lagwira pensulo zaka makumi awiri ndi chimodzi. Mzungu amene anandiphunzitsa ankaitana anzake kuti adzaone mizere yanga. Masitepe a nsanja ija, mipope yake, khomo lililonse, zinadutsa m'zala izi. Ezekiel akudziwa, mabwana akudziwa. Zenera n'chiyani kwa munthu ngati ine?"

"Akudziwa? Dikirani ndikuonetseni mmene akudziwira."

Regina anakoka mpando, nakwera, natsitsa mpukutu umodzi mwa mipukutu imene inali pamwamba pa wadiropu. Anaufunyulula patebulo, kapu ya tiyi n'kutsala pang'ono kugwa. Inali pulani ya nyumba ya mphunzitsi wina wa ku Chelstone.

"Iyi munajambula patebulo lomwe lino, Maloweruka atatu, ana ine ndikuwathamangitsira panja kuti asakugwedezeni chigongono. Tsono werengani pakona apa. Dzina ili n'la yani? E. Chulu! Pepala lililonse limatuluka muno loyera pakona, limabwerera litavala dzina la Ezekiel. Mwana amene anakulira m'nyumba muno, amene ndinkamuchapira makabudula! Wangopita ku Ghana zaka zisanu, wabwera ndi setifiketi ndi ndevu, basi thukuta lanu lasanduka lake."

Nkhope ya Gilson inasintha. Anaimirira nakulunga pepalalo mwachangu.

"Zimenezi ndi za ine ndi mng'ono wanga. Ndipo mapepala awa asatuluke m'nyumba muno. Wamva, amake Febby?"

"Mukumuopa."

"Ndati asatuluke."

Lachitatu lake Imelda anatulukira ndi galimoto yake yoyera, akuti apite limodzi m'tauni kukasankha nsalu. Imelda sanali munthu woipa mtima, koma anali ndi matenda osatha kusunga chimwemwe m'kamwa. Njira yonse anakamba za makatani a ofesi ya mwamuna wake, za kapeti wochokera kunja, za chikepe chimene chimakwera mofulumira mpaka makutu kutseka. Atafika mumsewu wa Cairo anaimika galimoto nakoka Regina padzanja.

"Werengani kuchokera pamwamba, ba Regina. Siyani mzere woyamba. Wachiwiriwo, mazenera atatu a pakona. Onse atatu!"

Regina anakweza mutu mpaka khosi kuwawa. Magalasi anali kung'anima ngati madzi. Anamva chinthu chowawa chikukwera kuchokera m'mimba n'kudzaima pakhosi.

"Nanga la atate a Febby?"

Imelda anazengereza, kenaka analoza pansi. M'mphepete mwa khoma, pamene oyenda pansi ankaponda, panali timabowo tazitsulo, totalika ngati mkono wa munthu. Pa kamodzi panali patakodwa kale khoko la nthochi.

"Akuti mkatimo muli magetsi owala kwambiri," anatero Imelda motsitsa mawu. "Ezekiel akuti salola kuti alamu avutike."

"Salola," anabwereza Regina. Nsalu sanasankhe tsiku limenelo. Anati mutu ukumupweteka.

Masiku asanu anayenda nacho chinthucho pakhosi. Akamasesa ankaona mazenera atatu. Akamachapa malaya a mwamuna wake, okhala ndi madontho a inki pamkono, ankaona kapeti. Lolemba m'mawa, Gilson atapita kuntchito ndipo ana atapita kusukulu, anakweranso pampando paja. Anatsitsa mipukutu isanu ndi iwiri, naikulunga m'chitenje, nakakwera basi ya ku Industrial.

Masiku amenewo pakampani iliyonse yaikulu panali komiti ya Chipani cholamula, ndipo wantchito wodandaula ankayambira kumeneko. Tcheyamani wa komiti ya pakampaniyo anali Nicodemus Chalwe, munthu wa kumpoto, wamfupi, wokonda suti ya manja aafupi ndi mawu aataliatali. Ofesi yake inali kuseri kwa nyumba yosungiramo simenti, kutali ndi kumene Gilson ankajambulira.

"Muli shani, ba mayo? Khalani, khalani. Muno ni mwa anthu wamba. Manje vuto ni chani?"

"Ndine mkazi wa a Gilson Chulu. Ndabwera kudzafunsa ngati ufulu tinalandira uja unali wa anthu a masetifiketi okha."

A Chalwe anawongola msana. Mawu otere ankawakonda kuposa nyama.

"Kambani, ba mayo. Apa mwafika."

Regina anamasula chitenje nayala mapulani patebulo, ina pamwamba pa inzake.

"Onani. Iyi ndi nyumba ya ku Chelstone. Iyi ya nesi wa ku Libala. Iyi ya mkulu wina wa ku Woodlands, ya zimbudzi zitatu. Zonsezi anajambula ndi amuna anga, kunyumba, ine ndikuona. Anthu amachita kuwalondola okha mpaka ku Kabwata. Koma onani pakona. Mng'ono wawo amangobwera ndi cholembera n'kuikapo dzina. Lero wolemba dzina akukwera kumwamba, wojambula akutsikira kudzenje. Kodi Chipani chimati anthu azidyerana chonchi?"

A Chalwe anavala magalasi. Anatenga pepala limodzi nalikweza pazenera, nayang'anitsitsa kachizindikiro kamene kanali m'mphepete.

"Iyi pepala ni ya kampani?"

"Amuna anga sajambula pa pepala wamba. Amagwiritsa labwino lokhalokha."

"Ehe. Ndipo aba anthu ba ku Woodlands bamalipila?"

"Nanga ntchito yotere munthu angaigwire ulere?"

"Zoona, zoona." A Chalwe anawerenga dzina la pakona kawiri, milomo ikugwedera. "Ba mayo, mwabweletsa nkhani ikulu maningi. Siyani mapepala. Chipani chizaona."

"Ndiye ofesi ija muwapatsa?"

"Aliyense azalandila chimene chimuyenela."

Regina anatuluka mopepuka ngati mtsikana. Pobwerera anagula ngakhale mabanzi a ana. M'basi ankadziona ataima pakhomo pa tchalitchi akuuza Imelda kuti, "Werenga kuchokera pamwamba."

Lachinayi masana galimoto ya Ezekiel inaima pakhomo. Anatsika awiri, mkulu ndi mng'ono, nthawi yoweruka isanakwane. Gilson analowa osayang'ana mkazi wake, nakakhala pampando wa pakona chipewa chili m'manja. Ezekiel, mnyamata wamtali wa tayi yofiira, anaima pakati pa chipinda.

"Alamu, munapita kwa a Chalwe?"

"Ndinapita. Munthu wina ankayenera kulankhula, poti eni ake pakamwa anasoka."

"Mukudziwa chimene mwachita?"

"Ndaulula wakuba."

Ezekiel anaseka kuseka kopanda mano, nayang'ana mkulu wake. "Akulu, simunawauze? Zaka zitatu zonsezi simunawauze?"

Gilson anangotembenuza chipewa.

"Alamu, mverani. Ku khonsolo salandira pulani yopanda dzina la katswiri wolembetsedwa m'buku la boma. Akulu angajambule nyumba yoposa zonse za mu Lusaka, koma popanda dzina langa pepalalo n'lokulungira nsomba. Amabwera okha ku ofesi kwanga kudzandipempha. Ine ndimasayina chifukwa ndi akulu anga, ndiponso chifukwa mizere yawo ilibe cholakwa. Sindinalandirepo ngakhale ngwee imodzi. Yunifolomu ya Febby, makina anu osokerawo, mukuganiza zinachokera kuti?"

Regina anaimabe chilili, sanafune kukhala pansi pamaso pa mwana ameneyu.

"Ndipo lamulo la kampani likuti wantchito asagwire ntchito yapadera," anapitiriza Ezekiel. "Chipani chikulimbikira zimenezi chaka chino, mumamva pawailesi. Inu mwanyamula umboni wonse, pa pepala la kampani, mwakaupereka m'manja mwa munthu amene wakhala akufuna mutu wa wina woti akaonetse kwa akuluakulu. Lolemba tikaonekera ku komiti. Ndikavomera kuti ndinasayina ntchito imene sindinaijambule, andifafaniza m'buku. Ghana yense uja wathera pomwepo."

Regina anatembenukira kwa mwamuna wake. "Atate a Febby, n'zoona? Bwanji osandiuza?"

"Ndikuuze kuti chiyani?" Mawu a Gilson anatuluka okhakhala. "Kuti ine, amene ndinaphunzitsa mwana uyu kusongola pensulo, ndimaima pakhomo pa ofesi yake chipewa m'manja, kalaliki wake n'kumandiuza kuti dikirani, bwana ali pafoni? Ukuganiza kuti nsanje uli nayo ndiwe wekha? Ine ndimaimeza tsiku lililonse pamodzi ndi tiyi wa teni koloko. Kunyumba kokha kuno n'kumene ndinali munthu wamkulu."

Panja ana a oyandikana nawo anali kuzungulira galimoto, akudziyang'ana m'magalasi.

Koma Regina sanagonje. Anayang'ana Ezekiel m'maso.

"Chabwino, ndalakwa. Koma ndiyankheni chimodzi, alamu. Nsanja ija anaikonza ndani?"

"Maganizo ndi anga. Kujambula ndi kwa akulu ndi anzawo."

"Ndiye amene anaganiza kuti ojambula akakhale kudzenje ndani?"

Ezekiel anamasula tayi pang'ono. "Mabwana onse ankafuna mazenera. Nsanjika zinatha. Panalibe kwina."

"Inu munapeza atatu."

"Ofesi imapita ndi udindo, alamu, sindine ndinayamba zimenezo."

"Ndipo pulani ya dzenjelo munapatsa yani kuti aijambule?"

Anayankha ndi Gilson, maso ali pachipewa. "Ndinaijambula bwino kwambiri. Masiku anayi."

Ezekiel anatola makiyi ake. Pakhomo anaima ngati akufuna kunena kanthu kena, koma anangoti, "Imelda ali ndi pakati, akulu. Miyezi itatu." Natuluka.

Lachisanu Regina anabwerera ku Industrial kukapempha mapepala ake. A Chalwe anamulandira ndi ulemu wonse, namuuza kuti mapepala tsopano ndi a Chipani, namuthokoza chifukwa chokonda dziko lake. Lamlungu sanapite kutchalitchi. Gilson anakhala tsiku lonse pakhonde akupukuta zolembera zake chimodzichimodzi ndi kansalu.

Lolemba Regina anali kuyanika zovala pamene anaona mwamuna wake akubwera wapansi, dzuwa lili pamutu, kabokosi ka zolembera kali m'khwapa. Chodabwitsa n'chakuti ankayenda monyada, chifuwa patsogolo, ngati munthu wochokera kolandira mendulo.

"Zatha bwanji?"

"Ndipatse madzi kaye." Anamwa kapu yonse, napukuta pakamwa. "Anakhala asanu kuseri kwa tebulo, Chalwe pakati. Anayamba ndi Ezekiel. Akuti, Komuredi, dzina ili munalemba ndinu? Mwana uja thukuta kamukamu, pakamwa pakutseguka koma mawu osatuluka. Ndiye ine ndinaimirira. Ndinati, mabwana, musamuvutitse. Mng'ono wanga mapepala awa akuwaona koyamba lero. Dzinalo ndinkalemba ndine."

"Mayo! Munanama?"

"Chalwe sanakhulupirire. Akuti, mdala, sayini ya munthu wophunzira kunja siitheka kukopera. Ine ndinati ndipatseni pepala." Gilson anaseka, maso akuwala. "Amake Febby, ukanaona! Sindinayeserepo chibadwire, koma ndaiona kambirimbiri. Ndinangoti kamodzi, shwe, ndi kamchira kake komwe. Anaziika pamodzi ziwirizo, anazitembenuza, anaitana ndi kalaliki yemwe. Bwana wamkulu anati yanga ikuoneka yeniyeni kuposa ya mwini wake! Dzanja ili, iwe!"

"Nanga Ezekiel anati chiyani?"

Kuwala kuja kunazima pang'ono. "Anamufunsa ngati ali ndi mawu. Anati alibe."

"Sanakane? Anangokusiyani?"

"Ndimo mmene ndinkafunira. Banja limodzi lisamire lonse." Anaika kabokosi pawindo. "Kupolisi sapita nazo, poti ndagwira zaka zambiri. Koma ntchito yatha lero. Ndipo nyumba ino ndi ya kampani. Atipatsa mpaka kutha kwa mwezi."

Regina anakhala pansi pomwepo, padothi, malaya onyowa ali pamiyendo. Anafuna kuti mwamuna wake amukalipire, amutukwane, ngakhale kumuuza kuti alongedze azipita kwawo ku Katete. Gilson anangomudutsa nalowa m'nyumba.

Loweruka lomaliza la mweziwo malole a kampani anayamba m'mamawa kusamutsa matebulo ndi makabati kupita mumsewu wa Cairo. Tsiku lomwelo kalole kena kakang'ono, kobwereka kwa mkulu wa mpingo, kananyamula mabedi, mapoto ndi makina osokera kuchoka ku Kabwata. Nyumba ina inali isanapezeke. Ezekiel anali atatumiza mawu kuti kuseri kwa nyumba yake ku Kabulonga kuli zipinda ziwiri zimene kale ankagonamo wophika wa Mzungu, ndipo angakhalemo mpaka zinthu zitayera.

Kaloleko sikanalowere pageti lalikulu. Mlonda anakalozera kanjira ka m'mbali mwa mpanda. Regina anatsika nayang'ana: kutsogolo udzu wobiriwira wothiriridwa ndi mpope wozungulira wokha, khonde lalitali, maluwa ofiira. Kumbuyo kuno tizipinda tiwiri ta malata, bafa lili panja. Febby ndi azing'ono ake anathamangira kukaona mpope uja, koma iye anawaitana mwaukali kuti abwerere.

Akumasula mitolo, Imelda anabwera atanyamula thireyi ya tiyi ndi masikono. Maso ake anali ofiira. Anaika thireyi pa bokosi nagwira Regina dzanja.

"Ba Regina, pano ndi panu. Chilichonse mukafuna, shuga, sopo, mungogogoda kukhitchini. Zimene alamu atichitira sitidzaiwala mpaka kufa."

"Zikomo," anatero Regina. Liwulo linamupweteka potuluka.

Imelda sanachoke. Anapotokola mphete yake, nayang'ana kumene Gilson anali kulimbana ndi miyendo ya bedi, natsitsa mawu.

"Pali kanthu kamodzi chabe. Mawa masana kubwera alendo. Mabwana a kampani ndi akazi awo, ndi a Chalwe omwe, kudzakondwerera ofesi yatsopano. Anthu makumi atatu, ndipo ine ndi mmene ndililimu fungo la mafuta likundidwalitsa. Mukanandithandiza kuphika."

Regina analeka kumasula mtolo.

"Komanso," anapitiriza Imelda, "Ezekiel akuti alamu asaoneke kutsogolo. Akhale muno, chitseko chotseka, mpaka alendo atapita. Mukudziwa, kwa anthu aja alamu ndi munthu amene anaba dzina la Ezekiel. Akawapeza pano adzafunsa kuti wakuba akusungidwa bwanji pakhomo pa wobedwa."

Kuchipinda kuja kugogoda kunaleka. Gilson anali atamva. Patapita kanthawi nyundo inayambanso, pang'onopang'ono.

Regina anayang'ana nyumba yaikuluyo, makatani ake oyera akugwedezeka ndi mphepo. Chinthu chija chinali pakhosi pomwe, sichinachepe ngakhale pang'ono, koma tsopano panalibenso ofesi ina yoti akachitule. Anamanga chitenje chake molimba.

"Anthu makumi atatu," anatero. "Nkhuku mwagula zingati?"